Mmene mungadziwire ka Nabis mukakapeza pa udzu kapena mmunda

Kachilombo tikukamba pano si kachilendo ayi, mwina munakaonapo kambirimbiri koma simunakalabadire chifukwa kalibe kala yokopa maso, ndi kotuwa kapena kabulawuni kofanana ndi udzu wouma, kowonda, ndipo kutalika kwake nthawi zambiri kumakhala pakati pa mamilimita 6 ndi 10 basi. Dzina lake la sayansi ndi Nabis, mukafuna kukasaka pa intaneti lembani dzina limeneli kapena damsel bug. Moyo wake ndi wodya tizilombo tinzake, nsabwe za zomera, tinthata, mazira a agulugufe ausiku, timbozi tongoswa kumene, chilichonse chofewa chomwe kangachigonjetse. Nde vuto ndi loti kali ndi anzake ofanana nako kwambiri omwe amayamwa mbewu, munthu ukasokoneza umakapopera mankhwala kachilombo komwe kamakuthandiza. Kufika pa dzina loti Nabis ndi kotheka ndithu ndi maso anu ndi ka lenzi kokulitsa zinthu ka 10, koma kufika pa dzina lachiwiri lija la mtundu weniweni ndi nkhani ina, pamenepo olo akatswiri amafuna kamphongo ndi maikulosikopu, nde musathamange.

Kapezeni kaye. Ti Nabis sitikonda kuonekera, timakhala mkati mwa udzu, mzitsamba zofupika ndi mmbewu za masamba ambiri ngati soya, thonje ndi nyemba, ndipo mukangogwedeza chomera timadzigwetsa pansi nkukhala phee, kusaka ndi maso okha mutopa ulele. Njira yachidule ndi neti ya nsalu yolimba, osati ija yopyapyala yogwirira agulugufe chifukwa ing'ambika pa udzu, mumangoyenda mukukwapula udzuwo uku ndi uku kenako nkupinda kukamwa kwa netiyo kuti zamkati zisathawe. Ngati neti mulibe yalani nsalu yoyera pansi pa chomera nkuchimenya ndi kamtengo, zogwa zigwera pa nsalupo. Dikirani mame aume, chifukwa kachilombo konyowa mapiko ake amamatana ndipo mapikowo ndi amene tiwafune kutsogoloku. Ta mapiko ataliatali timabweranso pa getsi usiku, nde khoma loyera lomwe lili pafupi ndi babu nalonso ndi malo ochekapo.

Mukakagwira musakatsine ndi zala. Kamaluma. Si poizoni woti nkukudwalitsani ndipo sikayamwa magazi a munthu, kamangodziteteza, koma kubaya kwake kumamveka ndithu ndipo pena pamatupa pang'ono. Kalowetseni mu kabotolo koonekera mkati, kokha, osati pamodzi ndi zina zomwe mwagwira, chifukwa mukafika kunyumba mupeza kadya theka la zomwe munatolera, ndipo mukaika tiwiri kakakulu kamadya kakang'ono opanda manyazi. Kuti kaime malo amodzi muzikaona bwino, ikani botololo mu fuliji mphindi zochepa, kamafooka nkuyamba kuyenda mwaulesi kenako kakatenthedwa kamabwerera mwakale.

Tsopano kayang'aneni kuchokera pamwamba. Thupi ndi lalitali, lowonda chakumutu nkumakula pang'ono chakumbuyo. Mutu ndi waung'ono, wotalikira kutsogolo, maso akuluakulu otuluka mmbali. Kuseli kwa masowo, pamwamba pa mutu, pali timaso tina tiwiri tating'ono kwambiri tonyezimira, pa lenzi timaoneka, tikumbukireni timeneti tidzatifuna. Nyanga ndi zazitali zopyapyala za zigawo 4, zopanda kachibonga kunsonga. Kuseli kwa mutu kuli chishango cha pachifuwa chomwe chimayamba chopapatiza ndi kakolala nkutambasuka chakumbuyo, ndipo mwa ti Nabis tambiri pali mzere wakuda womwe umayambira pamutu nkudutsa pakati pa chishangocho mpaka pa kachigawo ka makona atatu ka pakati pa mapiko. Zonsezi ndi zongokupatsani chithunzi, sizikumaliza nkhani, chifukwa tizilombo towonda totuwa mu udzu tilipo tambirimbiri.

Chomaliza nkhani ndi mlomo, nde tembenuzani botolo mukaone cha mmbali. Tizilombo tonse ta gulu la Hemiptera, momwe muli ka Nabis, tili ndi mlomo wobaya ndi kuyamwa, koma kagonedwe kake ndi kosiyana. Kwa toyamwa zomera mlomo umakhala wowongoka ndipo umagona chomata kunsi kwa thupi, mpata palibe. Kwa ka Nabis mlomo umachoka kutsogolo kwa mutu nkupinda ngati uta, pakati pa mlomo ndi kunsi kwa mutu pamakhala mpata woti kuwala kumadutsa, ndipo ndi wautali ndithu, wopyapyala, nsonga yake imakafika cha pakati pa miyendo yakutsogolo ndi yapakati. Uli ndi zigawo 4, kungoti choyamba chija ndi chachifupi zedi moti mukawerenga mothamanga mupeza 3 nkuyamba kukayika, yang'anitsitsani pomwe mlomo ukulumikizana ndi mutu, kachigawo kafupi kali pompo. Kakagwira nyama kamatambasula mlomowo kutsogolo nkubaya, kamalavulira malovu omwe amafoola nyamayo ndi kusungunula zamkati, kenako nkumayamwa mpaka kutsala chikhungwa chokha. Mukafuna kuona zimenezi ndi maso anu ponyani tsamba la nsabwe mu botolo muja nkudikira, sikachedwa.

Apa ndi pomwe pamabwera msokonezo woyamba, banja la Reduviidae, tizilombo tolusa tomwe natonso tili ndi mlomo wopinda ndipo timadya tinzake. Kusiyana kwake nkosavuta ukakudziwa. Wa Reduviidae mlomo ndi waufupi, wonenepa, umaoneka wa zigawo 3, ndipo nsonga yake imakalowa mu kangalande ka pachifuwa pakati pa miyendo yakutsogolo. Kangalandeko kali ndi timizere topingasa, nde kachilomboko kakaopsezedwa kamakhutiza nsonga ya mlomo pamenepo nkumalira tswii tswii, mukaika botolo kukhutu mumamva. Ka Nabis kalibe ngalande imeneyi ndipo sikalira. Komanso wa Reduviidae mutu wake umakhala ndi mzere wodula chopingasa cha pa maso ndi khosi looneka bwino, ambiri ndi akuluakulu ndi olimba thupi pomwe ka Nabis ndi kofewa, kuluma kwa Reduviidae nako ndi kowawa zenizeni osati zamasewera. Ndinenenso pano kuti tizilombo toyamwa magazi tofalitsa matenda a Chagas ku Latin America tili mu Reduviidae momwemo, ka Nabis sikakhudzana nazo zimenezo.

Kenako miyendo yakutsogolo. Ntchafu zake ndi zonenepa pang'ono kuposa za miyendo inayo, osati kwambiri ngati chiswamphika, koma kusiyana kumaoneka, ndipo kunsi kwa ntchafu ndi msongolo kuli tiubweya tolimba ndi timinga tating'ono tondandalikana togwirira nyama. Kunsonga kwa msongolo wa miyendo yakutsogolo ndi yapakati kuli kakhushoni ka ubweya wothinana komwe kamathandiza kumata pa thupi loterera la nyama yomwe kagwira. Pa ntchafu pamakhala timadontho kapena timizere takuda. Kakamayenda kamayenda modekha, nyanga zili kutsogolo, thupi lili mmwamba pa miyendo yake yaitali, sikathamanga mwachisawawa ngati tina tija timangoti balala mukatsegula neti.

Mapiko ndi pomwe ndikufuna mukhalitsepo, chifukwa ndi amene amasiyanitsa ka Nabis ndi mdani wake wamkulu pa nkhani yofanana, banja la Miridae. Phiko lakutsogolo la tizilombo ta mtundu uwu lili ndi mbali ziwiri, yakumtunda yolimbirako ndi yakunsonga yopyapyala yoonekera mkati. Pa mbali yopyapyalayo ka Nabis kali ndi timitsempha tingapo totsika mulitali, ndipo kuchokera pa timeneti pamatuluka tina tifupitifupi tambiri tolunjika kumphepete, nde mphepete mwa phiko mumaoneka tizipinda ting'onoting'ono tondandana kuzungulira. Kuti muone bwino ikani kuwala kumbuyo kapena cha mmbali, tochi ya foni imakwana. Wa Miridae pa mbali yopyapyalayo ali ndi tizipinda 2 tokha kapena kamodzi, chakumtunda, kwinako kuli see opanda mtsempha. Chachiwiri, wa Miridae kumapeto kwa mbali yolimba ija kuli kachidutswa ka makona atatu kodulidwa ndi mzere, mmabuku amati cuneus, ndipo phiko limakonda kugonkha pamenepo nkuweramira pansi moti kachilomboko kamaoneka ngati kathyoka msana. Ka Nabis kalibe kachidutswa kameneka, mapiko ake amagona fulati. Chachitatu ndi timaso tiwiri tija ndinati mutikumbukire, a Miridae pafupifupi onse alibe. Omwe amapusitsa kwambiri ndi a Miridae a mu udzu ngati Stenodema ndi Trigonotylus, owonda, otuwa kapena obiriwira, sayizi yomweyo, ndipo mumawagwira mu neti imodzi ndi ti Nabis, koma mukaona ntchafu zakutsogolo zowonda, mlomo wogona chomata ndi nyanga zomwe chigawo choyamba ndi chonenepa chaubweya, ameneyo ndi woyamwa udzu. Si a Miridae onse oononga ayi, ena ngati Macrolophus ndi Nesidiocoris nawonso amadya tizilombo, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Palinso tija toyamwa mpunga ndi udzu ta banja la Alydidae, Stenocoris ku Africa ndi Leptocorisa ku Asia. Titalitali kuposa ka Nabis, miyendo yonse yowonda, mlomo wowongoka, mbali yopyapyala ya phiko yodzaza ndi mitsempha yambiri yoyenda limodzi, ndipo mukatigwira timanunkha. Ta Berytidae tili ndi miyendo ngati ulusi ndi kachibonga kunsonga kwa nyanga, timeneto sitivuta.

Nanga mukapeza kopanda mapiko? Pali zinthu ziwiri ndipo anthu amazisakaniza. Pena ndi kamwana. Ti Nabis sitidutsa pa mbozi ndi chikwa ngati gulugufe, kathazi kamaboola tsinde lofewa nkulowetsa dzira mkati, kunja kumangooneka kachivindikiro ka dziralo, ndipo kamwana kakaswa kamafanana kale ndi make kungoti kang'ono ndi kopanda mapiko. Nthawi zambiri kamafundula ka 5 kasanakhwime, ndipo kakayandikira kukhwima pamsana pamaoneka timatumba tiwiri ta mapiko tomata ku thupi. Pena si kamwana koma ndi kachikulire ka mapiko afupiafupi, chifukwa mwa ti Nabis muli mitundu yomwe mapiko ake amathera pakati pa mimba kapena kumtunda kwenikweni, ndipo mu mtundu umodzi womwewo mutha kupeza ta mapiko aatali ndi ta mapiko aafupi. Kusiyanitsa kwake, kachikulire mapiko ake olo afupike bwanji amakhala odziimira paokha, olumikizidwa ndi mfundo, ndipo kachigawo ka makona atatu ka pakati pawo kamaoneka bwinobwino, kumapeto kwa mimba nako kumakhala kokhwima, kamphongo kapena kathazi. Pa kamwana mlomo ndi miyendo zimakuuzanibe kuti ndi ka banja limeneli, koma dzina la mtundu iwalani, kasungeni muzikapatsa nsabwe mpaka kakule ngati muli ndi mtima wodekha.

Pa nkhani ya kaundula, kuti muzitha kuwerenga zomwe mwapeza pa intaneti, mzere wake uli chonchi. Gulu lalikulu ndi Hemiptera, mkati mwake muli Heteroptera momwe muli anunkhadala ndi nsikidzi, kenako nthambi ya Cimicomorpha, kenako banja la Nabidae lomwe lili ndi mitundu pafupifupi 500 padziko lonse. Banjali limagawidwa pawiri, Nabinae ndi Prostemmatinae, ndipo Nabis ali ku Nabinae, ndi fuko lalikulu kuposa onse mmenemo, fuko ndikutanthauza chomwe mabuku amalemba kuti genus. Dzina la Nabis analiika ndi Pierre André Latreille wa ku France mu 1802. Izi zisanachitike Linnaeus, katswiri wa ku Sweden, anali atafotokoza kale mitundu iwiri mu 1758, ferus ndi rugosus, koma iye anaiponya mu Cimex pamodzi ndi nsikidzi ndi tizilombo tina tambirimbiri, nde mukaona dzina lalembedwa Nabis ferus kenako Linnaeus, 1758 ili mmabulaketi, mabulaketiwo akukuuzani kuti mtunduwo unasamutsidwa kuchoka mu fuko lomwe unayambira. Dzina la banja linabwera mu 1853 ndi Achille Costa wa ku Italy. Kwa nthawi yaitali akatswiri ankaika tizilomboti pansi pa Reduviidae chifukwa cha mlomo wopinda ndi miyendo yogwirira ija, nde mukasokoneza ziwirizi dziwani kuti simuli nokha, koma masiku ano zikuoneka kuti abale ake apafupi ndi a Anthocoridae ndi nsikidzi zomwe. Chodabwitsa china pa ubale umenewu, ku Prostemmatinae kamphongo kamachita kubaya mkati mwa thupi la kathazi pokwerana, khalidwe lomwe nsikidzi zimatchuka nalo, pomwe ti Nabis timakwerana mwa nthawi zonse.

Chomwe chimazunguza mutu ndi timagulu ta mkati mwa Nabis. Mupeza pena alemba Dolichonabis limbatus, pena Nabis limbatus, mupeza Nabicula flavomarginata pena Nabis flavomarginatus, Tropiconabis capsiformis pena Nabis capsiformis, nkumaganiza kuti ndi tizilombo tosiyana. Ndi kamodzi komweko. Akatswiri ena amatenga timaguluti ngati mafuko oima paokha, ena amati ndi nthambi chabe za Nabis, ndipo ambiri masiku ano amatsata njira yachiwiriyi, yomwe inakhazikika kwambiri ndi ntchito ya Izyaslav Kerzhner wa ku St Petersburg yemwe anathera zaka zambiri pa banja limeneli. Nde mukamasaka yesani maina onse awiri, apo bii muphonya theka la zomwe zinalembedwa. Ine ndimaona kuti kwa munthu wongoyamba kuloweza timagulu tonseti ndi kutaya nthawi, dziwani Tropiconabis ngati muli kumalo otentha basi, enawo mudzawadziwa mukawafuna.

Musanalembe kuti Nabis chotsani kaye azibale ake a mbanja lomwelo. Himacerus, wa ku Europe ndi Asia makamaka, ndi woderapo, wojintcha, mimba yotambalala yotulukira mmbali mwa mapiko. Himacerus apterus amakhala mmitengo pomwe ti Nabis timakonda pansi pa udzu, ndipo kamwana ka Himacerus mirmicoides kamafanana ndi nyerere yakuda moti mumakadutsa, kali ndi timadontho toyera mmbali mwa chiuno tomwe timapangitsa kuti chiunocho chioneke chowonda ngati cha nyerere. Prostemma ndi wonyezimira, wakuda ndi kufiira, ntchafu zakutsogolo zonenepa zedi, amayenda pa dothi ndi pansi pa miyala akusaka tizilombo tina ta Heteroptera. Ku Central ndi South America kulinso Arachnocoris yemwe amakhala pa ukonde wa kangaude. Onsewa ukawaona kamodzi suwasokonezanso ndi ka Nabis kotuwa kaja.

Tsopano dzina lachiwiri. Chida chanu choyamba apa si lenzi, ndi mapu, funso ndi loti mwakapeza kuti. Fuko la Nabis lili pafupifupi dziko lonse kupatula Antarctica, koma mitundu yake siyofalikira mofanana. Kumalo otentha, Africa yense, kumwera kwa Europe, mbali za Asia ndi America yotentha, yemwe amapezeka kwambiri mminda ndi Nabis capsiformis, yemwe katswiri wa ku Germany, Germar, anamufotokoza mu 1838 kuchokera ku tizilombo ta ku Cape ku South Africa. Ndi wotumbuluka, wowonda kuposa anzake, miyendo ndi nyanga zazitali, mapiko ataliatali opitirira mimba ndithu ndipo owala ngati galasi lachimbuuzi, amauluka mtunda wautali ndi mphepo ndipo ndi chifukwa chake ali ponseponse mpaka pa zilumba za pakati pa nyanja. Mukagwira ka Nabis kotumbuluka ka mapiko aatali mmunda wa kumalo otentha mwayi waukulu ndi ameneyu, koma mwayi waukulu si umboni. Ku Australia, New Zealand ndi zilumba za Pacific kuli mnzake wofanana naye kwambiri, Nabis kinbergii, ndipo zolemba zakale za kumeneko zinkamutchula kuti capsiformis, nde mukamawerenga zakale chenjerani. Ku North America nkhani ndi yomweyo, kachilombo kofala mminda ya alfalfa (mbewu yodyetsa ziweto) ndi soya kankatchedwa Nabis ferus kwa zaka zambiri mpaka Jacques Carayon wa ku Paris anaonetsa mu 1961 kuti ndi mtundu wina nkuupatsa dzina loti Nabis americoferus. Kumeneko kulinso Nabis alternatus chakuzambwe ndi Nabis roseipennis. Ku Hawaii ndiye kuli mitundu yambiri ya Nabis yomwe sipezeka kwina kulikonse padziko.

Ku Europe ndi kumene anthu anakafufuza kwambiri, ndipo ndi kumene mungaone bwino chifukwa chake kala si yodalirika. Nabis limbatus amakhala mu udzu wa malo onyowa, timapiko take tifupitifupi, mimba ili pamtunda, ameneyu savuta. Nabis flavomarginatus ali ndi mimba yakuda ya mphepete zachikasu, nayenso savuta kwenikweni. Awiriwa nyengo yozizira amaidutsa ali mazira. Koma pali gulu la ferus, pseudoferus, rugosus ndi ericetorum omwe amadutsa nyengo yozizira ali achikulire, amenewa ndi mutu weniweni. Ferus amakhala ndi mapiko aatali nthawi zonse, rugosus nthawi zambiri mapiko amathera cha kumapeto kwa mimba, ericetorum amakhala wofiirirako ndipo amakonda tchire la tizitsamba tofupika totchedwa heather, koma kala imasintha ndi msinkhu ndi nyengo, kongofundula kumene kamakhala kotumbuluka, kokalamba kamada, nde akatswiri amachita kuyeza chigawo chachiwiri cha nyanga nkuchiyerekeza ndi mulifupi mwa chishango cha pachifuwa, ndipo olo atero pena amakakamirabe. Pseudoferus anabisala mkati mwa dzina la ferus mpaka 1949 pomwe Reinhard Remane wa ku Germany anamupatula. Ndi pseudoferus yemweyu amene anthu ku Spain anayamba kumuweta nkumugulitsa kwa alimi a tomato kuti azidya mazira ndi timbozi ta Tuta absoluta, kagulugufe koononga komwe kanalowa mdzikolo mu 2006 kuchokera ku South America. Apa mukuona kuti dzina lachiwiri si zongodzitamira za anthu ophunzira, woweta kuti agulitse akuyenera kudziwa chenicheni chomwe ali nacho.

Nanga a Remane ndi a Carayon anaona chani chomwe ena sankaona? Ziwalo za kamphongo. Tembenuzani kachilombo chagada muone kumapeto kwa mimba. Kathazi mimba yake ndi yotakata pakati, yosongoka kumapeto, ndipo kunsi kuli mzere wa pakati momwe mwabisala chobayira mazira. Kamphongo mimba ndi yowongoka, kumapeto kuli kabokosi kobulungira, ndipo mbali iliyonse ya kabokosiko kuli kachingwe kopyapyala kokhala ngati kambedza kophwatalala, amati paramere. Ubwino wa ti Nabis ndi woti timbedzati timaonekera kunja, simufunika kung'amba kachilombo, mumangokagoneka cha mmbali pansi pa maikulosikopu kapena lenzi yamphamvu. Mtundu uliwonse uli ndi kapangidwe kake, wina kotakata ngati theka la mwezi, wina kowonda, wina kali ndi kadzino kunsonga, ndipo mumayerekeza ndi zojambula za mmabuku a dera lanulo. Kathazi nkovuta, pamafunika kung'amba ndi kuona zamkati, zimenezo asiyireni eni ake. Ndiye mukasesa udzu nkugwira tingapo, sankhani kamphongo.

Pojambula ndi foni, pikicha imodzi ya pamwamba siyikwana, ndipo ndi yomwe anthu ambiri amatumiza nkumadabwa kuti palibe akuwayankha. Jambulani zinayi, ya pamwamba thupi lonse ndi nyanga zomwe, ya mmbali yoonetsa mlomo ndi ntchafu, ya pafupi ya nsonga ya phiko, ndi ya kumapeto kwa mimba cha mmbali. Ikani rula pambali kuti sayizi idziwike. Mukagwirizitsa ka lenzi kaja pa kamera ya foni zimatuluka bwino kuposa kuzuma. Mukaika pa iNaturalist, tsamba la pa intaneti lomwe anthu amatumizapo mapikicha a zamoyo kuti zidziwike maina, kompyuta ikupatsani dzina la mtundu pompo, koma imatengera mapikicha omwe inaphunzirapo ndipo ambiri mwa iwo ndi a ku Europe ndi North America, nde itha kukupatsani americoferus pa kachilombo ka ku Africa opanda kuphethira. Musavomere. Lembani Nabis basi, kapena Nabidae ngati phiko simunalione bwino, odziwa adzapitiriza. Dzina lolakwika likatsimikizidwa limakalowa mu nkhokwe za pa intaneti zosunga komwe zamoyo zapezeka ngati GBIF ndipo wina amadzajambula mapu olakwika chifukwa cha inu.

Ngati mukufuna kuti katswiri akaone kachilombo kenikeniko, kaikeni mu kabotolo ka sipiriti wa 70 peresenti, mkati momwemo muponyemo kapepala kolembedwa ndi pensulo, osati bolopeni chifukwa inki imasungunuka, kolemba malo, tsiku, chomera chomwe munakapezapo ndi dzina lanu. Kamodzi kapena tiwiri tamphongo takwana, totsalato titayireni pa mbewu pomwe pali nsabwe. Ndipo ngati mwasesa mmunda mwanu nkupeza ti Nabis tambiri pamodzi ndi tiana take, werengani kaye kuchuluka kwa nsabwe ndi mbozi musanasakanize mankhwala opha chilichonse aja, chifukwa amatipha nato, ndipo nsabwe zimabwerera msanga kuposa ti Nabis.